Askale ndi Mwezi wa Khumi ndi Chimodzi

M'tauni yathu muno, munthu akamacheza ndi Askale amaima patali pang'ono, pomwe dzanja lake silingafike. Izi tinaziphunzira kalekale. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi anagulula dzino la mtsikana mnzake pampopi, chifukwa chomuchotsera chigubu pamzere. Atakwatiwa, mwamuna wake, yemwe ankayendetsa ngolo ya kavalo, anaganiza zomuphunzitsa ulemu ndi chikwapu cha kavaloyo. Anamukwapula koyamba, Askale anangoti duu. Anamukwapulanso kachiwiri. Kachitatu anamupeza akuphika khofi, ndipo mkaziyo anangonyamula kamphika kadothi kali chiwirire n'kumuswera pamphumi, phwa! Ukwati unathera pomwepo. Bamboyo mpaka lero savula chipewa ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Ndiye titamva kuti Askale wakwera ndege, wapita ku Beiruti kukagwira ntchito ya m'nyumba, tinkangoti tiona, mwezi sutha tisanamve kuti wapha Mluya. Tinanama. Anakhalako zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndipo sanakwezepo dzanja ngakhale kamodzi. Koma zomwe anamuchita kumeneko, abale inu! Dona wake woyamba anamudinda nsimbi yamoto pamkono chifukwa cha malaya opserera kolala. Mwana wa dona wachiwiri, chimunthu chandevu kale, anamuponda mpaka nthiti ziwiri kuthyoka, ndipo m'mawa mwake Askale anakolopa nyumba yonse akupuma mobanika. Khutu lake lamanzere linagontha ndi mbama. Iye ankangoluma mano, manja ake aja atawapindira kumbuyo ngati womangidwa. Mkazi yemwe anaswera mwamuna mphika pamutu ankati pepani madamu, magazi ali chuchuchu m'kamwa. Ankatero chifukwa cha chinthu chimodzi basi: ankafuna nyumba yakeyake, ya mabuloko, ya zipinda zitatu, pamalo omwe anasiya bambo ake kumunsi kwa msika.

Poti mwini wake anali kutali, zonse ankayendetsa ndi mchimwene wake wamkulu, Dagne, telala wa pakhonde la sitolo. Dagne ndi munthu wofatsa, wosekerera aliyense, woopa ngakhale nkhuku. Askale ankamutchula Gashe, monga timatchulira akuluakulu athu, ndipo anamutumizira kalata yomupatsa mphamvu yosaina m'malo mwake. Dagne ndiye anapeza Ato Mengesha, ndiye kuti Bambo Mengesha, kontirakitala wa chiphaso, chiphasocho chili m'felemu pakhoma la ofesi yake, pamwamba pa chithunzi cha angelo. Chiphaso si chokongoletsera khoma ayi. Munthu womangiridwa nyumba akaona vuto amakadandaula ku ofesi ya m'tauni yoona za omanga, ndipo kontirakitalayo amakakamizidwa kukonza, apo ayi amalandidwa chiphasocho. Koma dandaulo lili ndi malire ake. Pepala la mgwirizano linanena kuti ndi chaka chimodzi kuchokera tsiku losainira kuti nyumba yalandiridwa. Chakacho chikangotha, maliro ako ulira wekha.

Mengesha chaka chimenechi ankachidziwa kuposa masiku obadwa a ana ake. Kumunsi kwa msika ndi kwa makande, dothi lakuda lomwe limatupa mvula ikagwa n'kung'aluka ikaleka, ndipo maziko ake amafunika kukumba mpaka wokumbayo kubisika. Iye anakumba olekeza m'mawondo. Simenti ankangounukhitsa mchengawo. Kenako m'mwezi wa Hamle, mvula italimba, malata ali pamwamba koma makoma asanaone pulasitala, anaitanira Dagne kunyumba yodyera nyama. Anamuitanitsira nyama yaiwisi mbale yodzaza ndi mowa wa uchi mabotolo atatu, n'kutulutsa pepala. Anati izi n'zamwambo chabe, kuti a ofesi aone kuti ntchito ikuyenda, zotsalazo amaliza bwinobwino. Dagne anapukuta mafuta m'zala n'kusaina kuti nyumba walandira. Mvula ya chaka chimenecho inang'amba makoma malo anayi. Mengesha anamata ming'aluyo ndi pulasitala n'kupaka penti wobiriwira, wokongola kwabasi. Zithunzi za nyumba yomalizidwa zinafika pafoni ya Askale patatha miyezi inayi, ndipo anazipsompsona ali pakamphasa kake pambali pa makina ochapira a dona.

Chaka chotsatira, mvula itangoyamba m'mwezi wa Sene, penti uja analephera kusunga chinsinsi. Khoma lakutsogolo linang'aluka kuyambira pawindo mpaka pansi, chitseko n'kuyamba kukana kutsekeka. Anansi ndiwo anamukakamiza Dagne kuimba foni. Askale atamva sanalalate. Anangofunsa kuti nthawi yodandaula itha liti. Dagne anatenga pepala lija n'kuwerenga monga mmene zinalembedwera, manambala okhaokha: tsiku la makumi awiri, mwezi wa khumi ndi chimodzi.

Apa ndi pomwe panafera nkhani yonse, ndipo ine ndikamaganiza mtima umandiwawa mpaka lero. Kwathu kuno chaka chili ndi miyezi khumi ndi itatu, chimayamba ndi Meskerem, mvula ikamatha, ndipo mwezi wa khumi ndi chimodzi ndi Hamle. Ngakhale kamwana koyamba kumene sukulu kamadziwa. Tsiku lomwe Dagne anawerengalo linali litatsala masabata anayi okha kuti lifike. Koma Askale anali atatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akuwerenga masiku pakalendala ya eni ake, yoyamba ndi Januwale. Tsiku lobadwa mwana wa dona, tsiku lopita ndi gogo wa m'nyumbamo kuchipatala, zonsezo ankaziwerenga Chiluya. M'mutu mwake mwezi wa khumi ndi chimodzi unali Novembala. Nanga si ndi Novembala yemweyo m'mene zithunzi zija zinafika? Zonse zinagwirizana. Anatenga cholembera n'kuzunguliza tsikulo pakalendala ya kukhitchini, n'kuuza mchimwene wake kuti asavutike, ntchito yake itha mu Okutobala, abwera yekha kudzamuimika Mengesha kuofesi nthawi ikadalipo. Dagne mawu akuti Okutobala anawamva bwinobwino. Anangoti chabwino Askaliye, Mulungu akusunge, n'kudula foni.

Anafikadi mu Okutobala muja, kwathu kuno uli mwezi wa Tikimt, mvula itatha, ndi masutikesi awiri ndi makatani a mawindo onse. Anatsika pangolo n'kuima. Mng'alu uja unali utakula moti mkono unkalowa mpaka m'chigongono. Pansi pa chipinda chochezera panali patatukuka ngati pagona ng'ombe pansi pake. Denga linali litapendekera kumsewu. Askale anapisa dzanja m'khomamo n'kuthyola chibenthu cha buloko, ndipo chinangofumbutuka m'manja mwake ngati buledi wa masiku atatu. Sanalire. Masutikesi sanawalowetse n'komwe, anakawasiya kwa mayi woyandikana naye, komwe anagonanso. Dagne anabwera kudzamulonjera akusekerera, maso ali pansi, ndipo Askale anamulimbitsa mtima kuti asadandaule, kwatsala mwezi wathunthu.

M'mawa mwake anavala diresi loyera, n'kufunda nsalu yake yopyapyala ya kutchalitchi, n'kupita kuofesi ndi pepala ndi zithunzi za ming'alu. Anakhala pabenchi mpaka dzuwa kukwera. Kalaliki yemwe anamulandira anali mtsikana wa magalasi, waulemu ndithu, ndipo zithunzizo anaziona akupukusa mutu. Kenako anayang'ana pepala.

"Emama, nthawi inatha kale," anatero motsitsa mawu.

"Inatha bwanji, mwana wanga? Kwatsala mwezi."

"Apa palembedwa mwezi wa khumi ndi chimodzi. Hamle. Panopa tili mu Tikimt, chaka chinanso."

Askale anatembenuza khutu lakumva lija n'kumuuza kuti abwereze. Mtsikanayo anayamba kuwerenga ndi zala, Meskerem, Tikimt, Hidar, mpaka zala khumi kutha n'kubwereka chimodzi, ndipo chobwerekacho chinagwera pa Hamle. Milomo ya Askale inkatsatira yokha, poti mayina amenewa anawaimba ali kamtsikana. Anali asanawaiwale ayi, anali atangosiya kukhalamo. Kalalikiyo anamuuza kuti akanabwera miyezi itatu yapitayo, kapena mchimwene wake akanangobweretsa kalata ya mizere iwiri, kontirakitalayo akanamugwira pakhosi, poti vuto ngati ili silifuna mboni. Koma tsopano manja ake anali omangika. Pabenchi paja wina ananong'oneza mnzake, mokweza mwadala, kuti wa ku Beiruti waiwala miyezi ya amake, ndipo anthu anaseka chamumtima.

Manyazi anamugwira Askale kuposa tsiku la nsimbi lija. Kumenyedwa ndi mlendo ankakudziwa, koma apa anali atadzimenya yekha, ndi kalendala ya anthu omwewo amene anamugonthetsa khutu. Anapinda pepala lake bwinobwino, n'kuthokoza mtsikanayo, n'kutuluka.

Anabwerera kunyumba kuja. Pansi pa windo anazula buloko lathunthu, ndipo silinavute n'komwe kuzula. Analikulunga m'nsalu yoyera ija n'kulisenza, n'kudutsa nalo pamsika masanasana. Amayi ogulitsa tsabola anamuitana, iye osacheuka. Ife omudziwa titaona kayendedwe kake tinadziwa kuti lero kugwa munthu, ndipo ena tinamutsatira chapatali. Palibe anayesa kumuimitsa, nanga ndani amafuna kuyamba ndi iyeyo?

Mengesha anali kumsewu waukulu komwe ankamanga hotela ya munthu wina. Anali atakhala pamgolo, mimba ili phwii, akumwa khofi, amisiri ake akupinda zitsulo chapafupi. Atamuona anamulonjera mokweza, ndi dzina laulemu la amayi, kuti Woizero Askale mwabwerako, dziko la eni lakukondani, mwanenepa. Askale anatula katundu wake pansi. Ndikuchitira umboni ine, anayamba ndi ulemu. Anamupempha kuti apite akaone nyumbayo, akonze khoma lakutsogolo lokhalo, zinazo iye apirira. Anamuuza za nthiti zake. Mengesha anamvetsera akuzunguza kapu, kenako anati iye ndi munthu wa malamulo, chaka anadikira, dandaulo sanalione, ndipo ngakhale wogulitsa mbuzi salandira mbuzi yobwezedwa chaka chitatha. Akanalekera pomwepo mwina akanapita kwawo ndi mano ake onse. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anacheukira amisiri ake kuti amve bwino.

"Kodi kwa Aluya kuja sanakuphunzitseni kuwerenga? Zaka zonsezi mumangotsuka zimbudzi basi?"

Askale anamasula nsalu, n'kunyamula bulokolo ndi manja awiri, n'kumutsitsira pamutu ndi mphamvu zonse za zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Buloko lenileni likanamupha pomwepo. Koma ili linali la Mengesha. Linangoti phwasu, mchenga n'kuyoyokera m'khosi ndi m'kapu, munthuyo n'kutsala ali mbuu ngati wa kuchigayo, kamagazi kakang'ono kakutsika pamphumi. Kenako mmisiri wina anafuula kuti buloko la bwana lawapulumutsa bwana, ndipo onse anagwa nacho chiseko.

Chisekocho ndicho chinamaliza zonse. Pafupi ndi phazi la Askale panali chidutswa cha chitsulo cha konkire, chotalika ngati mkono, ndipo anachitola. Choyamba chinagwera pabondo, ndipo kulira kwa fupalo tinakumva tili kutsidya kwa msewu. Mengesha anagwa pamgolo paja akukuwa ngati nkhumba. Chachiwiri chinagwera pakamwa, mano n'kumwazika pamchenga ngati chimanga chotayika. Anakweza mkono kuti atchinge, chachitatu chinauthyola. Apa amisiri anasiya kuseka. Wina anamumenya Askale ndi fosholo pamsana, iye osagwa. Wina anamukola khosi, Askale n'kumuluma chala chachikulu mpaka pafupa. Zinatengera amuna asanu kuti amugwetse, ndipo atamugwetsa anamuponda m'mimba ndi kumaso mopanda chisoni, n'kumumanga manja ndi waya womangira zitsulo mpaka wayayo kulowa m'mnofu. Diresi loyera lija linali litasanduka la kunyumba yophera ng'ombe.

Anagona pamchenga womwewo onse awiri, moyang'anizana, akudikira apolisi. Mengesha analavula magazi n'kuyankhula movutikira, mphepo ikutuluka m'mipata ya mano.

"Ukundiphera chiyani ine? Funsa Dagne. Anabwera kwa ine mu Sene kudzandiuza kuti wasokoneza miyezi. Tinaseka, ndinamugulira nyama."

Askale anali atagonera khutu logontha, ndiye lakumva linali pamwamba. Anamva zonse. Anasiya kulimbana ndi wayayo, ndipo apolisi atafika anakwera galimoto yekha.

Musandifunse kuti Dagne anachitiranji zimenezi, poti ine ndemwe zimandinyansa. Sikuti ankamuda mlongo wake. Ankaopa. Dandaulo likanalowa, a ofesi akanafunsa kuti nanga munasainiranji nyumba yopanda pulasitala, ndipo nkhani ya nyama yaiwisi ikanatulukira poyera, Askale n'kuimva. Ndiye atamva mlongo wake akuti Okutobala, anaona ngati Mulungu wamutsegulira kakhomo. Anangotseka pakamwa masabata anayi, tsiku n'kudutsa. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Dandaulo la Mengesha silinachedwe ngakhale ola limodzi. Linafika kupolisi tsiku lomwelo, magazi asanaume. Kubwalo lamilandu Askale sanakane kanthu. Woweruza anamvetsera za nyumbayo mwachifundo, koma anati bondo la munthu si buloko, n'kumupatsa zaka ziwiri. Askale anakweza dzanja n'kufunsa kuti zakazo n'zowerengera kuti, kuopa kulakwitsanso. Woweruzayo anamuyang'ana kanthawi n'kumuyankha kuti n'zakwathu konkuno, za miyezi khumi ndi itatu. Palibe anaseka. Mengesha anachira, amayenda ndi ndodo, mano anaikitsa achitsulo, ndipo chiphaso chake chikadali pakhoma pomwe paja. Akumangabe.

Mvula yotsatira, m'mwezi wa Nehase, chakumasana, khoma lakutsogolo linagwa pamodzi ndi denga. Munalibe munthu, koma mbuzi ziwiri za mayi woyandikana naye zomwe zinkausa mvula pakhonde zinaphwanyika pomwepo. Malata anthu anatola usanathe mlungu. Mabuloko okha ndiwo akadali mbwee mpaka lero, poti ngakhale mbala sizikuwafuna.

Miyezi khumi yonseyo Dagne anali asanapondeko kundende. Nyumba itagwa, anansi anamuuza kuti uthenga umenewu sanganyamule wina koma iyeyo. Anaphikitsa nkhuku ya tsabola ndi injera, buledi wathu wopyapyala uja, n'kuvala jekete lake la maliro, n'kupita tsiku loona akaidi. Malo ochezerawo ali ndi zitsulo pakati, ndi kampata kopatsirana chakudya. Askale anatuluka ataonda, tsitsi litayamba imvi, diso limodzi litatsika chifukwa cha nsapato za amisiri aja. Dagne anapereka chakudya pakampatapo n'kuyamba kufotokoza. Ananena za khoma, za denga, za mbuzi. Kenako misozi inayamba. Anati anali ndi mantha, anati Satana anamulowa, anati iye ndi munthu wosauka wopanda mawu pamaso pa anthu ngati Mengesha, anati magazi ndi magazi. Askale anamvetsera mpaka kumapeto, mutu ataupendeketsa, osamudula.

"Gashe, papita nthawi," anatero mofatsa. "Ndipatseni moni."

Dagne anapukuta misozi, mtima uli m'malo, n'kulowetsa dzanja lamanja pakampata paja. Askale analigwira ndi manja awiri. Analitembenuza, n'kuyang'ana zala za telala, zosalala, zokhala ndi timabowo ta singano kunsonga.

"Ndi ili linasaina?"

"Askaliye, ndati pepa."

"Iwe Dagne, ndakufunsa kuti ndi ili?"

Chibadwire anali asanamutchulepo dzina lopanda ulemu, ndipo Dagne atamva iwe ameneyo anayesa kukoka dzanja. Anachedwa. Askale anapanikiza mkonowo pachitsulo n'kupindira chala cholozera kumbuyo mpaka kuti thyo! Anagwira chapakati, thyo! Chachikulu chinavuta, koma anachipotokola mpaka chinatuluka m'malo mwake. Dagne anakuwa moti ana omwe anabwera kudzaona amayi awo anayamba kulira. Alonda anamugwera Askale ndi zibonga, kumsana, m'mikono, m'mutu, koma anasiya dzanjalo atamaliza yekha. Anamukoka kubwerera naye mkati, ndipo nkhuku ija inatsala itatayikira pansi.

Mkulu wa alonda anamukhazika Dagne pampando n'kutulutsa pepala. Anamuuza kuti apereke dandaulo lake pompano zinthu zikadali zatsopano, mboni zilipo zambiri, mkaziyo amuwonjezera chaka. Anati poti dzanja lamanja lawonongeka, atha kudinda ndi chala chakumanzere. Dagne anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu, zala zitaloza kulikonse.

"Palibe wandimenya," anatero. "Chandipana ndi chitseko cha basi."

Anaimirira, dzanja atalipanira m'khwapa, n'kutuluka pageti wapansi. Zalazo zinapola mokhota. Sathanso kulowetsa ulusi pasingano, ndipo makina ake anawafunditsa nsalu pakhonde pomwe paja.